Pansi pa Boneti

"Pang'onopang'ono, ababa, si thumba la makala limenelo," anatero Tina, bambo ake akutsitsa katundu paphewa.

A Gwanda anakhazika katunduyo patebulo, namasula mfundo za chitenje chimene anamukulungira. Munali kompyuta yachikale, ya bokosi lachitsulo lotuwa, yolemera ngati batire ya lole. Chitenjecho anachipinda kanayi, ndipo atakhala pabenchi anachiika pamiyendo.

Shopuyo inali kachipinda kamodzi kuseri kwa msika wa Kawale, pakati pa telala ndi wogulitsa mapoto. Munkagwira ntchito anthu awiri. Zulaikha ankakonza makompyuta kumkati, ndipo mlamu wake Fahad, mng'ono wa mwamuna wake, ankakonza mafoni pakhomo pomwe pankawala bwino. Linali Lachitatu, dzuwa la Okutobala litayamba kale kuthetheretsa malata.

"Mwadzuka bwanji, abambo?" anafunsa Zulaikha. "Mwachokera nayo kutali?"

"Ku Biwi, mayi. Pafupi pomwepa."

"Wapansi?"

"Akana kabaza," anatero Tina. "Akuti ingagwe."

Zulaikha anatunga madzi m'ndowa ya pakona n'kuwapatsa a Gwanda ndi manja awiri. Anadikira kuti amwe, kenaka anafunsa chimene chavuta.

Anafotokoza ndi Tina. Mayi ake, a Lena, anamwalira chaka chatha mwezi ngati womwewo. Loweruka likubweralo banja linali kupita kumudzi ku Ntcheu kukavundukula chiliza. Mwala unali utasemedwa kale, dzina ndi vesi zonse zili m'malo, pamwamba patangotsala kamalo kozungulira koika chithunzi. Wosema mwalayo anati chithunzicho chimufike tsiku lomwelo isanakwane folo koloko, chifukwa chimafuna masiku awiri kuti chiume bwino, apo ayi mwala upita kumudzi wopanda nkhope.

"Ndiye chithunzi cha amayi mulibe china chilichonse?" anafunsa Fahad ali pakhomo, foni yophwasula ili m'manja.

"Amayi sankafuna kujambulidwa," anayankha Tina. "Akaona foni yaloza kwa iwo ankadziphimba kumaso. Zochepa zimene zinalipo zinali mu alubamu, ndipo inanyowa mphepo itasasula denga. Zina zinali mufoni yanga imene inabedwa m'minibasi. Zatsala ndi za umu basi. Achimwene anga a Josiah ndiwo ankatha kuwajambula mobera, n'kumasunga mukompyuta yawoyi."

"Nanga osawaimbira eni akewo?"

"Ali ku Joni. Nambala yawo siikulowa chiyambire Isitala."

A Gwanda anayang'ana pansi. Zulaikha sanafunsenso za Josiah. Analumikiza kompyutayo ku magetsi, nadina batani. Sinachite kanthu. Anadinanso, naika khutu pabokosi. Zii. Anamasula zomangira ziwiri kumbuyo, nachotsa chivundikiro cha m'mbali n'kuchiyedzamiritsa kukhoma. M'katimo munali fumbi lofiira la zaka zambiri, ndipo pabolodi yaikulu panali banga lakuda.

"Bolodi yapsa, abambo. Koma musade nkhawa. Zithunzi sizikhala pamenepa, zimakhala mu aka." Anatulutsa kabokosi kachitsulo kosaposa sopo wa m'paketi. "Iyi ndi disiki. Ikakhala yamoyo, pofika teni koloko mukhala mutanyamuka."

Patsogolo pa bokosilo panali kachizindikiro kofiira kozungulira ngati chigoba cha nkhono, kosuluka ndi dzuwa. Zulaikha anakaona, namwetulira.

"Mwana wanu ndi wa kwathu," anatero. "Amagwiritsa ntchito pulogalamu ya Debian ngati ine. Ndiye kuti ndi Linux. Makina angawa aiwerenga ngati kalata ya m'bale wake."

Anailumikiza ku kompyuta yake ndi kachingwe. Disikiyo inayamba kuzungulira, ikumveka kung'ung'uza bwinobwino. Tina anasendera pafupi. Kompyuta ya Zulaikha inaonetsa kuti yaiona disikiyo, inatchula ngakhale kukula kwake, koma sinaitsegule. Zulaikha anasintha chingwe. Anayesa polumikizira pena. Analemba mawu angapo pa kiyibodi, nawerenga yankho, nalembanso. Teni koloko inakwana, inadutsa, ndipo iye analeka kulankhula.

"Alamu, mwakanika?" anafunsa Fahad. "Sukulu yonse ija?"

"Konzani foni ya mwini wakeyo, alamu. Akubwera masana."

"Foni idikira. Bweretsani kuno, tione ife osaphunzira."

Zulaikha anazengereza, koma anampatsa. Fahad anailumikiza ku laputopu yake, ndipo nthawi yomweyo panatuluka uthenga pa sikirini. Anautembenuzira kwa onse ngati munthu woonetsa nsomba imene wagwira.

"Mwaona? Akuti disikiyi ndi yosasanjidwa, ikufunika kufomata. Matenda odziwika awa. Sabata iliyonse ndimachiza makhadi a m'mafoni otere."

"Kufomata si kufufuta?" anafunsa Tina.

"Ndi kusesa pabwalo chabe, achemwali. Tikasesa, ndili ndi pulogalamu yofukula. Imakumba pansi n'kubweza zithunzi zonse. Mwa khumi, zisanu ndi zitatu zimabwerera."

"Nanga ziwirizo?" anafunsa a Gwanda.

Fahad anakanda m'mutu. "Ziwirizo ndi za Mulungu, madala."

"Pulogalamu yanuyo imakumba pamene ikudziwa kakumbidwe kake," anatero Zulaikha. "Ine sindikudziwa chimene chavuta apa. Disiki yowonongeka imalira, imagogoda. Iyi ikuyenda ngati yatsopano. Tikaifomata ndiye kuti talemba pamwamba pa zinthu zimene sitikuziona."

"Ndiye tizingoiyang'ana mpaka folo koloko?"

Zulaikha anaitenganso, nabwerera nayo patebulo lake. Anakhalapo mpaka dzuwa linafika pamutu. Wogulitsa mapoto anabwera kudzabwereka chaja, anaona nkhope za anthu, natuluka osaitenga. Tina anaimbira wosema mwala kupempha kuti awonjezere nthawi, ndipo anabwerako akupukusa mutu.

Kenaka kumzikiti kunamveka kuitana kwa swala ya masana. Zulaikha anayang'ana wotchi ya pakhoma, nayang'ana disiki ija. Anavula kachingwe, naiika pakati pa tebulo, nakonza mpango wake kumutu.

"Ndikubwera, abambo. Sindichedwa. Alamu, zala zanuzo zikhale m'thumba."

"Ine ndipita mukabwera," anatero Fahad. "Shopu isakhale yokha."

Atangotuluka kupita ku kachipinda ka kumbuyo, Tina anaimirira, nakaima pafupi ndi Fahad.

"Achimwene, kufukula kwanu kuja kumatenga nthawi yaitali bwanji?"

"Disiki yaikulu chonchi? Maola awiri, mwina atatu."

Tina anawerenga ndi zala. "Ndiye tikapanda kuyamba panopa, tachedwa. Ababa, mwamva? Kuli bwino tiyese kusiyana n'kungokhala."

Fahad anatambasula dzanja, natenga disikiyo, nailumikiza. Uthenga uja unatulukanso, uli ndi mabatani awiri pansi pake. Anaika kamuvi pa batani lovomereza, chala chili pamwamba pa mawusi.

"Katundu ndi wanu, madala. Mukangoti eya, ndadina."

A Gwanda anayang'ana chala cha Fahad nthawi yaitali. Kenaka anati, "Mayi uja wapita kukapemphera. Ntchito ndinaipereka m'manja mwake. Sitingamudutse kumbuyo ali chogwada."

"Ababa, nthawi!"

"Ndaimva nthawi. Khala pansi, Tina."

Tina anakhala, nkhope atayang'anitsa kunja. Fahad anachotsa dzanja pa mawusi, koma uthengawo anausiya pa sikirini. Makina a telala ankamveka kuseri kwa khoma. Fahad sankatha kukhala chete nthawi yaitali.

"Madala, manja anuwo ndi a munthu wa zitsulo. Munkagwira ntchito yanji?"

"Umakaniko. Zaka makumi atatu ndi zisanu, pa Biwi pomwepa."

"Ndiye ndinu dokotala mnzathu! Inunso munkafomata magalimoto?"

A Gwanda anaseka pang'ono, koyamba chifikire. "Ife tinkasintha mainjini. Minibasi ikatopa injini, mwini wake sangagule ya mtundu womwewo. Amabwera ndi imene waipeza. Thupi la kampani ina, injini ya kampani ina. Timadula apa, timawotcherera apo, mpaka zigwirizane. Ukaiona pamsewu sungadziwe. Mipando yomweyo, chiwongolero chomwecho."

"Ndiye imayenda bwinobwino?"

"Imayenda. Vuto limabwera ikafera kutali, kwa makaniko amene sakuidziwa. Amayang'ana dzina lolembedwa pamphuno pa galimoto, n'kukagula zipangizo za dzina limenelo. Wina ku Salima anathira petulo mu injini ya dizilo imene ndinaika ndi manja angawa. Anaipha. Sanali wopusa ayi. Anakhulupirira thupi." Anasisita chitenje chija pamiyendo. "Kuchokera tsiku limenelo, ndikasintha injini ndinkatenga msomali n'kulemba pansi pa boneti: injini yakuti, mafuta akuti. Onse amene ndinawaphunzitsa ntchito ndinkawauza kuti galimoto siituluka pageti isanalembedwe. Ngakhale Josiah ndinamukalipirapo nazo."

"Nayenso anali makaniko?"

"Ayi, iye anakana girisi. Koma tsiku lina ali ku koleji anabwera pakhonde akusekerera, akuti, 'Ababa, nanenso lero ndasintha injini.' Ndinati injini ya chiyani, iwe wopanda ngakhale njinga? Akuti ya kompyuta. Mayi ake anaseka mpaka kukhetsa misozi. Ine ndinati, kaya ndi zoona kaya n'zamasewera, wakalemba pansi pa boneti?"

"Abambo, anati chiyani kwenikweni?"

Anali Zulaikha. Anali ataima pakhomo la kumbuyo, mkeka wake wopemphererapo uli chopinda m'khwapa.

"Anati wasintha injini, mayi. Akuti kunja kuli chimodzimodzi koma m'kati ndi mwina. Sindinazitengere kumtima. Kompyuta ili ndi injini ngati?"

Zulaikha anaika mkekawo pashelefu. Anaona uthenga uja pa laputopu ya Fahad, namuyang'ana, ndipo Fahad anadina batani lokana mwachangu, nakweza manja onse m'mwamba.

"Ili nayo, abambo," anatero Zulaikha. "Ndipo inu mukamuuza kanthu Josiah, ankamva?"

"Ankayamba wakana. Kenaka ankachita ine ndisakuona."

"Boneti ya kompyuta ndi iti?" anafunsa Tina.

Onse anayang'ana kukhoma, pamene chivundikiro chija chinayedzamira chiyambire m'mawa, mkati mwake mutayang'ana kukhoma. A Gwanda ndiwo anadzuka. Anachinyamula, nachitembenuza, napita nacho pakhomo powala. Chinali chofiira ndi fumbi. Anatulutsa kansalu m'thumba, nakanyowetsa ndi madzi otsala m'kapu, napukuta kuyambira pakona ya kumanzere, pomwe iwo ankayambira polemba.

Zilembo zinaoneka. Zinali zokanda ndi msomali, zopendekeka, zina zobwereza kawiri pamene msomali unaterereka.

A Gwanda anachitalikitsa ndi maso, koma magalasi anali atawasiya kunyumba. Anapatsa Tina, ndipo Tina anawerenga mokweza.

"Thupi: Debian. Injini: FreeBSD, osati Linux. Makina ena adzati disiki ilibe kanthu. Musafomate. J. Gwanda."

Fahad anaimba kamluzu kotsika. Anayang'ana chala chake chija ngati ndi cha munthu wina.

"Alamu," anatero, "musakawauze achimwene."

"Ndikawauza lero lomwe, tikudya." Zulaikha anakhala pampando wake, nagwira pachipumi. "Koma woyamba kulakwa ndine. Ndinaona kachizindikiro kofiira kaja n'kungoti ndadziwa zonse. Ndine makaniko wa ku Salima uja, abambo."

"Tandiuzani bwino, mayi. Mwanayu anachita chiyani?"

"Zimene munthu amaona pa sikirini, zolembera, zoonera zithunzi, mabatani onse, ndilo thupi. Pansi pake pali pulogalamu ina imene siioneka, timaitcha keneli. Imeneyo ndiyo imalankhula ndi zitsulo, ndiyonso imadziwa mmene zinthu zasanjidwira pa disiki. Pafupifupi aliyense amene ali ndi Debian, keneli yake ndi Linux. Koma kunali anthu ena amene anayesa kuika thupi lomwelo pa keneli ya mtundu wina, ya FreeBSD. Ine ndinangomva tili ku koleji, sindinaionepo ndi maso. Mwana wanu anachita zimenezo, ndipo disiki anaisanja mwa njira ya injini yakeyo. N'chifukwa chake makina athu akuiyang'ana n'kumati mulibe kanthu."

"Anachitiranji zimenezo?" anafunsa Tina. "Kusowa chochita?"

"Kufuna kuona ngati iyende," anayankha a Gwanda mofatsa. Ankasisita zilembozo ndi chala chachikulu.

Inali itadutsa wani koloko. Fahad anati afufuze pa intaneti pulogalamu yothandiza makina awo kuwerenga disikiyo. Zulaikha anati ziliko, koma sanazigwiritsepo ntchito, ndipo sankafuna kuphunzirira pa disiki imeneyi. Njira yabwino inali kuilola kuti idziyendetse yokha ndi injini yake. Anatsegula kompyuta yake, nachotsa disiki yake, naika ya Josiah m'malo mwake. Atayatsa, mizere ya zilembo zoyera inayamba kutsika pa sikirini yakuda. Tina anagwira mkono wa bambo ake. Mizereyo inatsika, inatsika, kenaka inaima. Anadikira. Sinapitirire.

"Yafa?" anafunsa Tina.

"Ayi. Injiniyi ndi ya zaka zija, makina angawa ndi a posachedwa. Sikuzidziwa zitsulo zake."

"Giyabokosi siikugwirizana," anatero a Gwanda, akugwedeza mutu. "Ikufuna thupi la msinkhu wake."

"Ndi zomwezo. Koma zakale zonse ndinagulitsa kwa a zitsulo mwezi watha."

"Che Abdullah ali nayo," anatero Fahad. "Amapondapo."

Che Abdullah anali telala wa kuseri kwa khoma, munthu wamkulu wa ndevu zoyera, wochokera ku Mangochi. Pansi pa tebulo lawo lodulirapo nsalu panali kompyuta yakale imene mdzukulu wawo anaisiya, ndipo iwo ankaikapo phazi lotupa akatopa kupalasa makina. Zulaikha anapita yekha. Anagwada pang'ono pakhomo, nafotokoza mwachidule. Che Abdullah sanafunse zambiri. Anachotsa phazi, nasesa tizidutswa ta nsalu pamwamba pake, ndipo anakana kuti Zulaikha anyamule. Anabwera nayo okha, akutsimphina.

Atapatsana moni ndi a Gwanda, anayang'ana paphewa pawo.

"Achimwene, jekete yanu yang'ambika apa. Chitsulo chanu chija chakulumani."

A Gwanda anapotoloza khosi, naona msoko utatseguka. "Ndikasoketsa."

"Mukasoketsa kuti, telala ali pano? Vulani."

A Gwanda anavula, natsala ndi malaya oyera a kolala yokongola. Che Abdullah anakhala kumapeto kwa benchi, natulutsa singano imene inali yobaya pa chipewa chawo, nayamba kusoka ndi manja, osayang'ananso za makompyuta.

Zulaikha anapemerera fumbi m'kompyuta ya telala, naika disiki ya Josiah, nalumikiza zingwe. Ananena Bismillah chapansipansi, nadina batani. Kachipupiza ka m'kati kanatsokomola, kanaima, kenaka kanayamba kuzungulira. A Gwanda anapendeketsa mutu, maso atatsinzina, monga ankachitira pomvetsera galimoto.

"Yalira bwino," anatero.

Mizere ija inayambanso kutsika. Inafika pamene inaimira poyamba, inakhala ngati ikuganiza, kenaka inadutsa. Sikirini inada, inawala, ndipo panatuluka kabokosi kofunsa mawu achinsinsi, pamwamba pake pali dzina la Josiah.

"Aa, zayambanso," anatero Fahad.

"Sunthani," anatero Tina. "Ndinkalembera pomwepa ntchito za kusukulu." Anawerama, nalemba ndi zala ziwiri, akubisa kiyibodi ndi phewa ngati mmene ankachitira ali mtsikana.

Inatseguka. Zonse zinali m'malo odziwika, ndipo Zulaikha anapukusa mutu. "Taonani, alamu. Chimodzimodzi yanga. Ndikanaipeza ikuyenda, bwenzi nditaigwiritsa ntchito mwezi wathunthu osadziwa."

Munali zithunzi zambiri: anzake a Josiah, mawaya, galu, minibasi yopanda matayala. Kenaka panali chikwatu cholembedwa kuti Amayi. Munali zithunzi zisanu ndi chimodzi zokha.

Zulaikha anatsegula choyamba, nasendeza mpando wake kumbuyo kuti eni ake aone bwino. Chinali cha dzanja lotambasula kutchinga kamera, kuseri kwake kukuoneka khutu ndi duku. Chachiwiri, msana wa mayi akuanika zovala. Chachitatu ndi chachinayi zinali zosaoneka bwino, munthu akuthawa. Chachisanu chinali cha amayi a kutchalitchi ataima pamzere atavala yunifomu, a Lena ali achitatu kuchokera kumapeto, nkhope yawo yaing'ono ngati njere ya nyemba.

"Ichi," anatero Tina. "Ichi ndiye choyenera. Achemwali, mungachikulitse?"

Zulaikha anachikulitsa. Nkhopeyo inasanduka timabokosi totuwa, maso ndi mphuno zosasiyanitsika. Anachibweza, nayesanso pang'ono. Sizinathandize.

"Pamwala chidzaoneka ngati mtambo," anatero. "Tione chotsiriza."

Chotsiriza chinajambulidwa pafupi kwambiri. A Lena anali atakhala pakhonde, lichero la mpiru lili pamiyendo, duku litapendekera kukhutu limodzi. Zinkaoneka kuti wina anali atangonena kanthu, chifukwa anali kuseka ndi kamwa lonse, mpata wa mano awo akutsogolo uli poyera, maso atachepa, dzanja limodzi lili m'mwamba ndi mpeni ngati akuopseza wojambulayo. Chilichonse chinkaoneka bwino, ngakhale timizere ta m'mbali mwa maso.

Che Abdullah anaimitsa singano, nayang'ana kamodzi, nabwerera ku msoko wawo. Fahad anatuluka kukaima panja.

Zulaikha anatenga fulashi yatsopano m'kabati. Injini ya Josiah sinaitsegule yokha, ndipo anachita kuiuza ndi mawu olemba, kawiri konse, mpaka inavomera. Anakopera zithunzi zonse zisanu ndi chimodzi, nazikoperanso pa fulashi ina, nayesa zonse ziwiri pa laputopu ya Fahad. Inali itangodutsa fili koloko.

"Bokosi lanulo ndikhoza kulipezera bolodi ina," anatero Zulaikha, pofuna kuti pakhale mawu. "Ndiyeno ndingakuikireni za masiku ano, zimene aliyense angathe kukonza."

"Bolodi ipezeni," anatero a Gwanda. "Injiniyo isiyeni. Mwini wake akabwera aipeze mmene anaisiyira."

Tina anali akuyang'anabe pa sikirini, fulashi ili m'manja. Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja.

"Ababa, tipereke cha yunifomu chomwechi. Ngakhale chisaoneke bwino, anthu adziwa kuti ndi iwo. Ichi chinachi, duku lili pambali, mpeni m'manja. Azakhali akati chiyani? Abusa akati chiyani? Pamanda munthu akuseka?"

"Mpeniwo akhoza kuudula, kamalo kaja n'kozungulira," anatero Zulaikha, kenaka anasendera pambali, poona kuti nkhaniyo si yake.

A Gwanda anasendera kutsogolo pa benchi mpaka nkhope yawo inayandikira sikirini.

"Azakhali ako anene," anatero. "Pa chinacho sindikumuona. Ndakhala naye zaka makumi anayi, ndipo ndikapita kumudzi ndikufuna ndizikamupeza. Pereka ichi."

"Ababa..."

"Pereka ichi, mwana wanga. Thamanga, nthawi yatha."

Tina anayang'ana chithunzicho kanthawi. Kenaka anamanga fulashiyo pakona ya chitenje chake, natuluka. Anamumva Fahad panja akuitana kabaza, akumuuza wa njingayo kuti adutse njira ya kuseri kwa msika, ya kutsogolo yadzaza.

Che Abdullah anadula ulusi ndi mano, nakung'untha jeketeyo, naiika pabenchi pambali pa mwini wake. Zulaikha anatambasula dzanja kuti azimitse kompyuta, abweze disiki m'malo mwake.

"Mayi," anatero a Gwanda, osachotsa maso pa sikirini. "Ngati simukuifuna msanga, musazimitse kaye."

Zulaikha anayang'ana Che Abdullah, eni ake a makinawo.

"Phazi langa lidikira," anatero telalayo.

Zulaikha anabweza dzanja. Anatembenuza sikirini pang'ono kuti kuwala kwa pakhomo kusaphimbe chithunzicho, natenga laputopu ya kasitomala wina, nakakhala nayo pampando wa Fahad.